Umboni wa Impso

Jeppestown, Joni
12 Febuluwale 2023

Okondedwa achimwene a Cassim,

Assalam alaikum. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, inu, alamu anga a Ilham ndi ana onse kumeneko kwa Mposa. Ine ndilipo, Alhamdulillah. Mpunga mwamaliza kuwokera? Mundiuze, chifukwa wa m'sitolo kuno ulibe fungo ndi pang'ono pomwe, umangokhala ngati ukutafuna pepala.

Mbaraka, uja amatinyamulira katundu, akupatsani mabulangete awiri, nsapato za ana, ndi jombo za kudimba zomwe mwakhala mukundilirira. Kalatayi ndaiika m'jombo ya kumanja, podziwa kuti muyamba mwayesa jombo musanafunse za moyo wanga. Munandiphunzitsa nokha kuti nkhani ya pamtundu siyenda pa foni, n'chifukwa chake ndalemba.

Pa 20 Januwale, ndikuchokera kushopu komwe timasoka makatani, teksi yathu inawombana ndi galimoto ya buledi pa maloboti. Palibe anamwalira. Ine ndinamenyetsa nthiti pa chitsulo cha mpando. Kuchipatala anandilowetsa m'makina ojambula m'kati mwa thupi, aja amati sikani, kuti aone ngati china chaphulika m'mimba. Nthiti zinapezeka zabwinobwino. Koma dokotala wake, mayi wachizulu wamfupi woyankhula mothamanga, anandiitananso. Akuti pa impso ya kumanzere pali kachotupa, kukula kwake ngati dzira la nkhunda. Sikanabwere ndi ngoziyo ayi, kanali kale m'menemo kali phee. Atajambulanso kachiwiri, akuti n'kutheka kwambiri kuti ndi khansa.

Ndinaseka, achimwene. Ndinati, "Dokotala, ine sindimva kuwawa paliponse, ndimapalasa mashini kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa." Iye anati, "Eish, sisi, n'chifukwa chake ndikuti teksi ija uithokoze. Matenda awa akayamba kuyankhula, amakhala atapita patali."

Andiikira tsiku la opaleshoni pa 9 Meyi. Sindikupempha ndalama. Ndikupempha duwa, mapemphero anu, komanso kuti inu monga mwini mbumba mudziwe. Mantha ndili nawo, sindibisa, koma mtima ndamanga kale.

Ndine mchemwali wanu,
Rukiya

*

Mposa, Machinga
8 Malichi 2023

Iwe Rukiya,

Wa alaikum salam. Kuno tilipo. Mpunga tinawokera wonse, wayamba kuphukira bwino, koma mvula yanyanya. Jombo zandikwana. Kalata yako ndiye yandibaya kuposa msomali.

Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, sindinamvepo zoti munthu wosadwala, woyenda yekha, wodya bwino, akagone pa tebulo kuti amung'ambe. Za ku Joni timazimva. Timamva kuti impso kumeneko ndi malonda, ena amagulitsa okha zinthu zikawathina, ena amawaba ali mtulo ta mankhwala, makamaka inu alendo amene mulibe wokuyankhulirani. Ndiye pali ziwiri. Kapena madokotalawo akukupusitsa, kapena iwe ukundipusitsa ine. Ngati moyo wa kumeneko wakukanika, nena, ubwere. Dimba lilipo, sunafe ndi njala uli mwana ndipo sungafe nayo lero. Thupi ndi la Allah, ife anangotibwereka, tidzalibweza lathunthu.

Matenda timawadziwa ndife. Ine pano mkodzo wanga ndi wofiira kuyambira mu Okutobala, likodzo lathu lomweli la m'madzi a mpunga. Mapiritsi ake aja ndamwa kawiri konse, lachita makani, koma khasu sindinasiye ngakhale tsiku limodzi. Malemu ababa anakodza magazi zaka zingati? Unawaona akuthamangira mpeni? Ndiye iwe wopanda ngakhale chimfine ukuti chiyani?

Ndikukuletsa. Nkhaniyi sindinauze munthu kupatula mlamu wako, ndipo isamveke kwina, ndi yochititsa manyazi.

Ukamatumizanso Mbaraka uikemo mafuta opaka aja otentha. Kumsana chakumanja kukumandiwawa ndikawerama nthawi yaitali.

Ndine mlongo wako,
Cassim

*

Jeppestown
16 Epulo 2023

Achimwene,

Assalam alaikum. Alhamdulillah kuti mvula ya Freddy ija inakusiyani amoyo. Kalata yanu yandipeza sabata yatha, itagona mwezi wathunthu m'galimoto ya Mbaraka chifukwa cha misewu yoduka. Mwezi wathunthu! 

Uno ndi mwezi wosala, ndiye za malonda a impso sindiyankha momwe pakamwa pakufunira. Zandipweteka, ndithere pomwepo. Zomwe zandisowetsa mtendere ndi zomwe mwalemba mongodutsa, ngati mukunena za nkhuku yothyoka mwendo. Magazi kuyambira Okutobala, mankhwala a likodzo kawiri osasintha, msana kuwawa mbali imodzi. Ndakuimbirani katatu, mukangomva mawu oti chipatala mukudula foni.

Lachinayi ndinapita kwa dokotala wanga ndi kalata yanu, ndinamumasulira ndime imeneyo. Anasiya kulemba n'kundifunsa kuti ababa anamwalira bwanji. Ndinamuuza zomwe tonse tinaona: magazi aja, kuonda kuja, chinthu cholimba chija m'munsi mwa nthiti chomwe amayi ankathowa ndi madzi otentha, kenako chifuwa. Ife tinati likodzo lakalamba nawo. Palibe anawajambulapo. Dokotala akuti sangaweruze munthu amene sanamuone, koma matenda amenewa nthawi zina amayenda m'magazi a pamtundu.

Tamverani zomwe anandiuza, ndinamupempha kuti abwereze mpaka ndinazisunga. Khansa ya impso ikapezeka mwangozi ngati yangayi, ikadali yaing'ono, isanatuluke m'impso, pa anthu khumi alionse, asanu ndi anayi amakhalabe moyo patatha zaka zisanu. Ikadikira kuti mwini wake aidziwe yekha, ndi magazi, ululu ndi chotupa chogwirika ndi dzanja, nthawi zambiri imakhala itakula. Ikafika m'mapapo kapena m'mafupa, pa khumi paja otsala sakwana ngakhale awiri. Nthenda imodzimodzi, achimwene, kusiyana kwake ndi tsiku loipeza basi. Kugona pakati n'kuyambirira.

Sindikuti muli nayo. Mwina ndi likodzodi, ndipo ndingasangalale mutanditsutsa. Koma likodzo limamva mankhwala. Pitani ku Zomba, kuchipatala chachikulu, mukanene kuti akujambuleni impso. Sabaya, sang'amba, amangoyendetsa kachipangizo pamimba.

Mafuta otentha sindinatumize, ndipo sindituma. Pa 9 Meyi ndikupita. Mundikhululukire, koma pa ichi chokha sindikumverani.

Rukiya

*

Mposa
2 Meyi 2023

Rukiya,

Salam. Idi tinadya bwino. Ndaona kuti Joni yakukulitsa, tsopano ndiwe dokotala, ndiwenso mwini mbumba. Mpunga wacha, mbalame zili m'dimba, ine ndilibe masiku okataya pa benchi ya chipatala.

Poti wasankha wekha, pita. Koma ngati zoona sukugulitsa, impso yomwe achotseyo uwauze akupatse. Uitumize kuno ndiione ndi maso anga, ndiikwirire kumanda kwathu pafupi ndi ababa. Popanda umboni umenewo usandilemberenso.

Cassim

*

Mposa
25 Juni 2023

Alamu anga a Rukiya,

Assalam alaikum. Ndine Ilham. Kalata ino ndalemba achimwene anu ali kumzikiti, ndipo Mbaraka ndamulumbiritsa kuti atseke pakamwa. Mundikhululukire zilembo, papita nthawi ndisanagwire cholembera.

Uthenga wanu wa pa foni ndinaumva, wonena kuti opaleshoni inayenda bwino, anangodula kachotupako ndi kachigawo kochepa, impso yanu anaisiya. Ndinavina ndekha kuseri kwa nkhokwe. Nditawauza achimwene anu anati, "Waona? Ndamuuza atumize impso, tsopano akuti sanachotse. Munthu wopanda umboni sasowa chonena." Koma tsiku la opaleshoni lija sanadye, alamu. Anakhala pa mkeka wopempherera kuyambira m'mawa mpaka masana. Mkamwa mwawo ndi mouma, mtima ayi.

Chomwe ndalembera ndi ichi. Munthuyu akutha. Popuntha mpunga chaka chino ankakhala pansi kawirikawiri, thumba lomwe ankanyamula yekha tinachita kugwirizana awiri. Lamba aboola mabowo awiri atsopano ndi msomali, akuyesa sindinaone. Mapiritsi a likodzo amwanso kachitatu. Magazi amasiya sabata imodzi, iwo n'kunena kuti achira, kenako amabweranso, nthawi zina ndi timagulumagulu. Ndikanena za ku Zomba akuti amuna onse a m'dimba muno anakulira mkodzo wofiira, ndani anafa nawo? Ndikati ababa anu, amatuluka panja.

Ndayesa kulira, ndayesa kukwiya, ndayesa kusayankhula masiku awiri. Zonse madzi a m'dengu. Inu munabadwa nawo mimba imodzi, mukudziwa pomwe amagwirika. Ndithandizeni nzeru mvula isanabwere, chifukwa akangolowanso m'matope sitidzawatulutsamo.

Mpunga wa kilombero ndakutumizirani ndowa imodzi, wa m'dimba lanu lomwe. Mudye, chilonda chipole msanga.

Ine mlamu wanu,
Ilham

*

Jeppestown
9 Julayi 2023

Alamu anga okondedwa,

Wa alaikum salam. Mpunga wafika. Nditauphika, anzanga a chipinda choyandikana anachita kugogoda kufunsa kuti kwagwanji. Ine ndikupeza bwino, ndabwerera pa mashini, ngakhale ndikaseka kwambiri chilonda chimandikumbutsa. Kachotupa kaja anakayeza, inalidi khansa, koma akuti anaichotsa yonse ndipo sinafike pena paliponse. Ndizingopita kukajambulitsa nthawi ndi nthawi.

Tsopano tamverani. Achimwene sangapite ku Zomba chifukwa chodwala, izo tiiwale. Koma angayende wapansi mpaka ku Blantyre kuti akatsimikize kuti iwo ndiye amanena zoona. Ndinawaona ali mnyamata atayenda mpaka ku Ntaja kukafunsa mtengo wa njinga, kungoti apambane mkangano. Ndiye tiwagwirira pomwepo.

Mu envelopu ya khakiyi muli zinthu zitatu: chithunzi cha impso yanga asanandichite opaleshoni, pepala la zomwe anapeza, ndi kalata yomwe dokotala wanga walembera madokotala a kumeneko. M'kalatamo wafotokoza za ine, za ababa, ndi zoti amene wabweretsa envelopuyi ndi mlongo wanga, wakodza magazi miyezi isanu ndi inayi, chonde mumujambule impso lero lomwe. Zonse zili m'Chingerezi cha madokotala. Achimwene sangathe kuwerenga, ndipo kwa aphunzitsi a pamudzi sangapite nazo, amati nkhaniyi ndi ya manyazi.

Ndikudziwa kuti uku n'kutchera mkulu wanga msampha. Tchimo lake likhale pa ine, inu mungowaperekeza. Kapepala kali m'munsika ndi kawo, muwapatse pamodzi ndi envelopu. Kalata inoyo musonkhezere moto.

Rukiya

Achimwene, salam. Munati ndisalembe popanda umboni. Umboni ndi uwu. Ine musandikhulupirire, madokotala a ku Joni musawakhulupirirenso. Tengani envelopuyi mupite nayo nokha kwa dokotala wa kwathu ku Zomba, Mmalawi mnzanu, akuwerengereni zonse osadumpha tsamba. Akanena kuti ndinagulitsa impso, ndilongedza katundu, ndibwera kudzagwada pamaso panu, ndipo ku Joni sindidzapondakonso. Ngati mukuopa zomwe akanene, isungeni pansi pa mphasa, ndimva.

R.

*

Mposa
6 Ogasiti 2023

Chemwali wanga Rukiya,

Assalam alaikum. Ndikhulupirira chilonda chapola. Kuno ana ali bwino, mlamu wako akupereka moni.

Unanditchera ngati mbewa, ndipo ndinalowa ndi miyendo yonse. Mawu ako oti ndikuopa aja sanandigonetse. Pa 18 Julayi ndinavala mkanjo wanga wa Lachisanu, n'kukwera minibasi ya ku Zomba, envelopu ili pachifuwa. M'njira monse ndinkakonza mawu odzakunyoza nawo. Ilham ankangoyang'ana pawindo, ine nkumati akundimvera chisoni poti mchemwali wanga ayaluka.

Tinadikira mpaka masana. Dokotala wake anali wachinyamata, wa magalasi. Ndinati, "Adokotala, ine sindikudwala. Ndabwera kuti mundiwerengere ngati mwana uyu anagulitsa impso." Anayang'ana chithunzi, anawerenga pepala loyamba, n'kunena kuti, "Bambo, mchemwali wanu sanagulitse kanthu, impso zake zilipo zonse ziwiri. Ameneyu ndi wamwayi. Zotere ife kuno sitizipeza kawirikawiri zikadali zazing'ono chonchi." Kenako anatsegula kalata ija. Anawerenga, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kufunsa kuti, "Nanga a Cassim ndi ndani?" Ndinati ndine. Anati, "Vulani mkanjo, mugone apa."

Ndinayang'ana Ilham, iye akuyang'ana kudenga. Ndikadatha kutuluka. Koma munthu amene wangouzidwa kuti ananamizira mchemwali wake amakhala alibe miyendo.

Chilipo, Rukiya. Impso ya kumanja. Anatitumiza ku Blantyre ku makina aakulu, tabwerako Lachitatu. Ndinawapempha aike chithunzi chako pambali pa changa. Chako dzira la nkhunda, monga unanenera. Changa bango la boloma. Akuti chayamba kutuluka m'impso, koma m'mapapo sanaonemo kanthu. Ndinafunsa funso lako lija, kuti pa anthu khumi onga ine amatsala angati. Dokotala anazengereza, kenako anati mwina asanu, mwina asanu ndi mmodzi, sangalonjeze. Ndinafunsanso kuti ndikadabwera mu Okutobala bwenzi zili bwanji. Anati, "Bambo, tiyeni tikambe za lero. Mukadadikira mpaka kukolola kwina, bwenzi tikukamba zina."

Achotsa impso yonse pa 29 mwezi uno. Ndinkaitanitsa impso yoti ndikwirire pafupi ndi ababa, osadziwa kuti ndikuitanitsa yanga yomwe. Ndapita kumanda kuja dzulo. Ndinakhala nthawi yaitali, ndikuganiza za madzi otentha omwe amayi ankawathowa nawo.

Ndikuopa, chemwali. Ndalemba mawu amenewa ndipo sindiwafufuta. Zikavuta, dimba la kumtunda likhale la Ilham ndi ana, la kumunsi ndi lako. Jombo zija upatse Mbaraka, wavutika nafe.

Chinanso. Chiyambire kukhala mwini mbumba ndalamula zambiri, ndipo unkamvera. Lamulo limodzi lokha ndi lomwe unakana. Ukadalimvera, bwenzi chaka chamawa ana athu akukumba manda awiri. Zikomo posandimvera. Undikhululukire.

Ndine mlongo wako,
Cassim

*

Pa chipata cha Mwanza
17 Ogasiti 2023

Achimwene,

Wa alaikum salam. Ndikulemba pabondo, m'galimoto ya Mbaraka, tikudikira kuti atidindire mapasipoti. Ndalemba chifukwa ndikayamba kunena pakamwa ndilira, ndipo inu mupezerapo mwayi wolamulanso.

Kukhululuka ndinakhululuka kale, tsiku lomwe alamu anandiuza za mkeka uja. Kushopu ndapempha miyezi iwiri. Bwana anati malo anga sangawasunge, ndinati makatani sadzatha pa dziko, mlongo ndili naye mmodzi. Pa 29 ndikakhala pakhomo la chipinda cha opaleshoni pamodzi ndi alamu. Njira imeneyo ndinaiyenda, ndikudziwa pomwe pamawawa, tsiku loyamba kudzuka, ndi zomwe muzikana kudya. Muzimvera ine tsopano.

Mwawerenga asanu otsala, mwawerenganso asanu opita, n'kudziika nokha kwa opitawo. Anakuuzani ndani? Inu amene simunagonjepo pa mkangano chibadwire, mukagonje pa uwu?

Dimba musagawe. Mbaraka ndamuuza kale kuti za jombo aiwale, sizinathe n'komwe, ndipo mu Januwale muzivala nokha.

Kalata ino Mbaraka akupatsani pamanja, ine nditatsalira pa msewu. Mukamaliza kuwerenga pukutani m'maso, ana asaone, kenako tulukani. Chikwama musandilandire, tonse awiri madokotala anatiletsa zolemera. Ingotulukani, ndili pansi pa mtengo wa bwemba.

Rukiya